Mphini za Amayi ndi Timchenga ta Filimu

Filimu yoyamba imene ndimaikumbukira bwino ndinaionera m'kanyumba ka vidiyo ku Ndirande m'zaka za m'ma 1990. Tinkalipira makobidi pakhomo n'kukakhala pa mabenchi, mawindo atatchingidwa ndi ziguduli kuti dzuwa lisalowe. Filimuyo inali Predator, ya mu 1987, ndipo tepi yake ya VHS inali yojambulidwa kuchokera ku tepi ina, imene nayonso inajambulidwa kuchokera ku inzake. Nkhalango inkaoneka ngati ndiwo zamasamba zopsa mopitirira, ndipo mfuti zikalira sipikala inkangosokosera. Chimene chinandikhala mumtima ndi nkhope ya Carl Weathers. Iye akalowa pamthunzi ankangosanduka mdima, n'kutsala mano ndi maso okha, pamene Arnold Schwarzenegger ankaonekabe bwinobwino. Ndinakula ndikuganiza kuti umu ndi mmene kamera imaonera munthu wakuda.

Patapita zaka ndinazindikira kuti mbali yaikulu ya vutolo inali pa tepi. Chithunzi chikamajambulidwa mobwerezabwereza chimataya tizinthu tating'onoting'ono, ndipo zoyamba kutayika ndi zimene zili pamalo akuda. DVD itafika zinthu zinasinthako. M'mayiko ogwiritsa ntchito njira ya PAL, monga kwathu kuno, chithunzi chake chinali ndi timadontho 720 m'litali ndi 576 m'lifupi. Koma filimu yojambulidwa pa zithunzi 24 pa sekondi inkaseweredwa pa 25, motero inkathamangako pang'ono, ndipo kawirikawiri mawu a ochita sewero ankamveka okwererapo kusiyana ndi mmene anawalankhulira. Mu 2006 kunabwera Blu-ray, ya timadontho 1920 ndi 1080, kasanu kuposa DVD. Chimbale chake chimasunga magigabaiti 25 kapena 50, pamene DVD wamba imasunga 4.7. Blu-ray inalola kuti filimu iyende pa liwiro lake lenileni, ndipo malo ochulukawo analola kuti mawu asungidwe popanda kuwadula mbali ina.

Ndinali ndi chiyembekezo chachikulu tsiku limene ndinaonera Predator pa Blu-ray yotulutsidwa mu 2010. Ndinkafuna kuona nkhope imene tepi ya ku Ndirande inandibisira. Mdima unalidi utachoka, koma anthu onse ankaoneka ngati oumbidwa ndi phula. Khungu linali losalala, lopanda timabowo ta thukuta, lopanda makwinya. Owunika mafilimu ambiri anadandaula za chimbale chimenechi, ndipo chifukwa chake n'chodziwika. Filimu yakale imagwira kuwala pogwiritsa ntchito tizidutswa tochepetsetsa ta mankhwala a siliva, ndipo timeneti timasiya pa chithunzi timchenga tonyezimira timene timaoneka ngati tikuvina. Ogula ena amatitenga ngati litsiro, choncho okonza chimbale amatipukuta ndi kompyuta. Komatu chithunzi cha filimu chinamangidwa ndi timchenga tomweti. Wopukuta timchenga amapukutira kumodzi tsitsi, ulusi wa malaya ndi mizere ya pankhope. Filimuyi itatulukanso pa chimbale cha 4K mu 2018, timchenga tinabwerera, ndipo anthu anaonekanso ngati anthu.

Chimbale chimene chinandiphunzitsa zambiri ndi cha filimu ya Ousmane Sembène wa ku Senegal, La Noire de…, imene pa Chingerezi imatchedwa Black Girl. Inatuluka mu 1966 ndipo si yamitundu, ndi yakuda ndi yoyera basi. Imasimba za Diouana, mtsikana wa ku Dakar amene anapita ku Antibes, m'dziko la France, kukagwira ntchito m'nyumba ya azungu, n'kupeza kuti moyo wake wathera m'khitchini ndi m'bafa. Bungwe la World Cinema Project, limene anayambitsa ndi Martin Scorsese, linathandiza kuti filimuyi ikonzedwenso ku Bologna. Inaonetsedwa ku Cannes mu 2015, ndipo kampani ya Criterion inaitulutsa pa Blu-ray mu 2017, Sembène atatha pafupifupi zaka khumi ali m'manda.

Okonzawo anachotsa fumbi ndi mikwingwirima imene filimu inaipeza m'zaka zimene inasungidwa, koma timchenga anatisiya. Nkhope ya Mbissine Thérèse Diop, amene anasewera ngati Diouana, imaoneka ndi magawo ambiri a kuda: chipumi chowala, masaya akuya, mthunzi wa pansi pa maso. Filimu yonse yatsamira pa nkhope imeneyi, pakuti pamaso pa mabwana ake Diouana salankhula kwenikweni. Nkhopeyo ikazimirira, nkhani yonse yazimirira. Mawunso anawasiya mmene analili, otuluka mbali imodzi, osawamwaza m'masipikala asanu kuti akope makutu a masiku ano. Kumveka bwino kwake kumaulula chinthu chowawa: maganizo a mumtima mwa Diouana timawamva m'Chifalansa, chinenero cha omulemba ntchito, ndipo amene anawalankhula ndi wosewera wina, Toto Bissainthe wa ku Haiti. Chimenechi ndi chipsera cha nthawi imene filimuyo inapangidwa, ndipo wokonza wabwino sachibisa.

Zonsezi zikanangokhala nkhani ya anthu okonda zimbale chikhala kuti si zimene zinachitika amayi anga atamwalira. Tinkafuna chithunzi choika pa pepala la mwambo wa maliro, ndipo chimene tinali nacho chinali chakale, chofiirira, chopindika m'makona. Mng'ono wanga anapita nacho kwa wojambula wina m'tauni. Atabwerako anandiitanira kuseri kwa nyumba nati, "Achimwene, taonani mmene awakongoletsera amayi." Chithunzicho chinali chowala zedi. Khungu lawo linali litayerako, makwinya atapita, ndipo mphini zitatu zimene zinali pafupi ndi diso lawo lamanzere kunalibe. Mphinizo anawatemera ndi agogo, iwo ali mwana, pamene ankadwala mutu wosatha. Kompyuta inaziyesa mikwingwirima ya papepala.

Amayi aang'ono atachilandira anachiyang'ana nthawi yaitali, kenaka anafunsa mwakachetechete kuti, "Mwanangu, awa ndi ndani? Achemwali anga anali ndi mphini." Ndinalibe choyankha. Mapepala anali atasindikizidwa kale, ndipo anthu anabwerera kwawo atanyamula nkhope ya mayi amene sanakhalepo.

Kuyambira tsiku limenelo, ndikamva kuti filimu yatuluka mooneka bwino kwambiri, sindiyamba ndi kufunsa kuchuluka kwa timadontho. Ndimafunsa kuti wokonzayo anasiyanitsa bwanji dothi limene linagwera pa filimu ndi chizindikiro chimene filimuyo inabadwa nacho. Tepi ya ku Ndirande inameza nkhope mumdima chifukwa cha umphawi wa zipangizo. Chimbale chopukutidwa chinaimeza powala, zipangizo zili zokwanira, mwa kufuna kwa munthu. Ife amene mafilimu athu akale ndi ochepa, ndipo ambiri mwa iwo amakonzedwera kunja, tiyenera kuphunzira kuyang'anitsitsa zimene zikubwezedwa kwa ife.

Chithunzi chakale chija ndinachitenga kwa mng'ono wanga maliro atatha. Ndinachiika m'galasi mmene chinalili, ndi kufiirira kwake komwe. Mphini zitatu zija zimaoneka pokhapokha munthu atayandikira, ndipo mwana wanga akandifunsa za agogo ake ndimayambira pamenepo.