Chipala cha Agogo ku Nthalire

Kwathu ku Nthalire, kumwera kwa boma la Chitipa, galimoto ikafa anthu awiri amakondwa: wosula zitsulo ndi wosoka nkhwaira. Wosula amatenga sipuling'i, wosoka amatenga tayala. Agogo anga aamuna ankagwira ntchito ziwiri zonsezi, ngakhale kuti mtima wao unali pa chipala.

Kale chitsulo sichinkachokera ku galimoto. Aphoka a m'mapiri a Nyika, omwe tayandikana nao, ankakumba miyala ya chitsulo n'kuisungunula ndi makala m'ng'anjo zadothi. Mabwinja a ng'anjozo alipo mpaka lero. Khasu lotuluka m'menemo linali chuma, moti linkalowa ndi pa malowolo. Makasu a kufakitale atabwera m'nthawi ya atsamunda, Chitipa akutchedwa Fort Hill, ng'anjo zinazima. Chinatsala ndi kusula kokha.

Agogo sanaonepo ng'anjo ikuyaka, koma chitsulo ankachidziwa. Ine ntchito yanga inali kuvukuta mvukuto wa chikopa cha mbuzi. Iwo ankagwira chitsulo ndi mbaniro, maso ali pa mtundu wake. Chikafiira ngati phwetekere ankati sichinapse. Chikayamba kuthetheka ankandikalipira kuti, "Iwe, ukuotcha nkhwangwa ya mwini!" Akasula, ankaviika kukamwa kwa nkhwangwa kokha m'madzi, chifukwa ikaviikidwa yonse imauma kwambiri n'kuthyoka pa mtengo. Ine ndimati imeneyi ndi sayansi, kungoti ilibe satifiketi.

Nkhwaira sizinkawavuta. Munthu ankaponda pa tayala, iwo n'kulemba phazi ndi khala, kudula, kukhoma zingwe, basi. Makolo ao ankachita chimodzimodzi pa chikopa cha ng'ombe. Achinyamata tinkachita nazo manyazi, komatu m'minga ndi m'miyala ya kwathu nsapato ya pa kaunjika siitha chaka.

Lero msewu wa Karonga kupita ku Chitipa ndi watala, ndipo makasu ndi mapatapata otsika mtengo amalowa kuchokera ku Tunduma ndi ku Nakonde. Wina anganene kuti wosula watha ntchito. Nanga khasu la kusitolo likathyoka pa msuka mu Disembala, mvula ili mkati, mlimi amathamangira kwa yani?

Agogo anamwalira mu 2016. Mwa adzukulu 9, wodziwa kuvukuta ndine ndekha, ndipo nyundo sindinaigwirepo. Mwala umene ankasulirapo amayi akuphwanyirapo mtedza.