Tsikani kaye, pali hampu

Motoka yanga ndi Toyota Corolla AE100 ya 1994, yoyera, imene amalume anandipatsa maso awo ataleka kuona bwino usiku. Sanandilipiritse ngakhale ngwee imodzi. Anangondipatsa makiyi nati, "Muphwa, uisunge bwino." Kuyambira tsiku limenelo ndinakhala munthu wa motoka mu line yathu ku Mtendere. Amene akhala mu komboni adziwa tanthauzo lake. Foni ikalira 01:00 usiku, si munthu wofuna kupereka moni.

Vuto la motoka iyi linali pa makona. Ndinaliona bwino paulendo wokaona amai ku Nyimba. Mukapitirira Rufunsa, Great East Road iyamba kukhotakhota m'mapiri a Manenekela mpaka kutsikira ku mlatho wa Luangwa. Pa kona iliyonse motoka inali kupendekeka ngati bwato lodzala matumba. Ndikaponda buleki, kutsogolo kunali kugwada. Truck ikandidutsa, mphepo yake chabe inali kundikankhira kumbali. Ndinafika pa Luangwa manja ali noninoni ndi thukuta, nsomba zouma za pamsika paja sindinaziyang'ane n'komwe.

Anyamata amene tikumana nawo pa car wash Loweruka anati mankhwala ndi amodzi: itsitseni, boss. Iwo ali ndi ma Altezza ndi ma RunX okhala pansi ngati akununkhiza msewu. Ndisaname, si makona okha amene anandikopa. Ndinali kufunanso kuti Corolla yanga ileke kuoneka ngati ya ahedi opuma pantchito.

Njira yotchipa ndi kudula ma spring ndi grinder, kapena kuwaotcha ndi gas kuti afupike. Ba mekaniki anga, mudala amene garaji yawo ili pansi pa mtengo wa mango, anakaniratu. Anati spring yodula ifupika, koma shock ikhala ndi utali wake womwewo, ndiye tayala likagwera m'dzenje spring ikhoza kuchoka pamalo pake. Moto nawo ufooketsa chitsulo, tsiku lina chingothyoka. "Ngati mwatsimikiza, mwana wanga, gulani ma spring amene anapangidwira kutsitsa motoka. Apo ayi, pitani kwina."

Ntchito yanga ya pa wailesi ndi yodzipereka, palibe malipiro. Ndalama ndimapeza poimbitsa nyimbo pa ma kitchen party ndi pa maukwati. Ndinasunga miyezi inayi, ndipo ndinagula ma spring anayi otsitsa motoka ndi mamilimita 35. Ukayeza ndi zala, ndi zala ziwiri chabe. Nzeru yake ndi yosavuta: motoka ikatsika, kulemera kwake kuyandikira msewu, ndipo popeza ma spring amenewa ndi olimba, thupi la motoka silipendekeka kwambiri pa kona.

Tsiku lomanga, ba mekaniki atachotsa matayala anandiitana kuti ndione ndi maso anga. Ma shock akumbuyo onse awiri anali atataya mafuta kalekale. Mabushi a labala anali ong'ambika, ena atasanduka ufa. Anati kuika spring yolimba pa shock yakufa ndi kugula suti yatsopano kuti uvale ndi nsapato yopanda pansi: motoka idzangodumphadumpha. Ndinathamangira kwa anzanga a chilimba kupempha kuti mwezi umenewo ndalama ikhale yanga. Tinagula ma shock anayi ndi mabushi, kenako tinakachita alignment, chifukwa motoka ikasintha utali, matayala nawo asintha kaimidwe ndipo ayamba kudyeka mbali imodzi.

Zoona zinenedwe, inasintha. Ndinaiyesa pa msewu wa ku airport Lamlungu m'mawa. Ndikakhotetsa chiwongolero pang'ono, nayo inali kumvera pomwepo. Pa roundabout inali kugwira pansi ngati yamatidwa. Pa car wash anyamata anaijambula zithunzi. Kwa milungu ingapo ndinali kuyenda chifuwa chili patsogolo.

Mahampu ndinaphunzira kuwadutsa cham'mbali, tayala limodzi limodzi, minibus yakumbuyo ikulira hutala. Ndinaleka kudzera njira zina. Ndinayamba kukana kunyamula matumba a makala ndi a unga. Zonsezi ndinali kuziona ngati zazing'ono, chifukwa nthawi zambiri m'motoka ndinali ndekha.

Ndiye unafika usiku wina wa mu February, mvula ikugwa kuyambira madzulo. Aneba anagogoda pa windo. Akazi awo anali atayamba kumva zowawa za kubereka, masiku asanakwane. Tinakwera anthu asanu: ine, mayi wodwalayo, amuna ake, apongozi ake, ndi mayi wina wa pa line yathu amene sasowa pa nkhani zotere. Kumbuyo tinaika chikwama, ndowa, beseni ndi zitenje. Kuchoka kwathu kufika ku chipatala cha Levy Mwanawasa si patali. Masiku akale Corolla inali kungotsika pang'ono kumbuyo n'kupita.

Pa hampu yoyamba tinamva kukwecha pansi, khwee. Pa yachiwiri, ija yaitali imene anthu a mu komboni anamanga okha mwana wina atagundidwa, matayala akutsogolo anawoloka koma mimba ya motoka inakhala pamwamba. Ndinaponda mafuta, matayala anangozungulira m'matope. Kumbuyo mayi uja anali kubuula atagwira mpando wanga. Ndinatembenuka ndipo ndinanena mawu amene mpaka lero andichititsa manyazi: "Pepani, tsikani kaye."

Anatsika atatu, pamvula, agogo aja atafunda chitenje kumutu. Motoka itapepuka, aneba anakankha ndipo tinadutsa. Anakweranso. Patsogolo panali dzenje lodzala madzi, anatsikanso. Katatu konse tisanafike pa tara. Palibe amene anandikalipira, ndipo mwina zikanakhala bwino akanatero. Agogo aja anangofunsa mofatsa, madzi akutsika kumaso, "Kodi mwana wanga, motoka iyi idwala?"

Tinafika. Mwana anabadwa kukucha, wamkazi, ali bwino pamodzi ndi amai ake. Ine ndinagona mu motoka pa car park. M'mawa poisuntha ndinaona madontho akuda pamene inaima. Sump, chibekete chija chosunga oyilo pansi pa injini, inali itaphwanyika ndipo inali kudontha pang'onopang'ono. Paipi ya utsi nayo inali kulendewera. Ba mekaniki atayang'ana anangopukusa mutu. Sump ija ikanabooka kwambiri, oyilo ikanathera panjira, injini n'kuuma. Tikanaima mumdima, pamvula, ndi mayi amene mwana ali pafupi kutuluka.

Mlungu womwewo tinachotsa ma spring aja. Akale sitinabwezeremo chifukwa anali atatopa ndi zaka pafupifupi 30. Ndinagula ena a utali wa masiku onse, ndipo ma shock ndi mabushi atsopano anakhala momwemo. Pa Isitala ndinapitanso ku Nyimba, ndi mantha kuti bwato lija labwerera. Ku Manenekela motoka inapendekeka pang'ono kuposa pamene inali yotsika, sindikana. Koma sinali kugwada pa buleki, sinali kuyandama, ndipo pa Luangwa ndinatsika kukagula nsomba manja ali ouma. Pamenepo ndinazindikira kuti matenda aakulu anali ma shock akufa ndi mabushi ong'ambika. Ma spring otsitsa anangoonjezera pang'ono pamwamba, ndipo pang'ono pameneppo ndinalipira ndi zala ziwiri zija, zimene mu komboni zili ndi ntchito yaikulu.

Sindinena kuti kutsitsa motoka ndi kulakwa. Ngati kuchoka pa geti yanu mpaka kuntchito ndi tara yokhayokha, itsitseni, musangalale nayo. Koma yambani mwaona ma shock ndi mabushi, mwina vuto lili pamenepo. Musadule spring. Mukatsiriza chitani alignment. Ndipo poyesa musapite ku airport muli nokha monga ndinachitira ine. Kwezani anthu anayi ndi thumba la unga, mupite pa msewu woipa kwambiri umene tsiku lina mudzafunika kudutsa mothamanga.

Manje pa car wash anyamata akuti Corolla yabwerera ku pension. Ma spring aja ali pa msomali ku garaji, akudikira wogula. Mwezi watha ndinaperekeza aneba ndi mwana wawo ku sikelo, agogo aja ali kutsogolo. Titayandikira hampu ija yaitali, ndinaona dzanja lawo likupita pa chitseko. Ndinati, "Khalani, agogo." Tinadutsa, ndipo pansi sipanamveke kanthu.