Kusula nkhwangwa kuchokera ku msomali wa njanji: zomwe ndikuphunzira ku Ndirande

Kumayambiriro kwa Meyi

Ndayamba kuphunzira kusula. Ndikulemba izi kuti inu anzanga amene simunagwirepo nyundo yosulira muone mmene ntchitoyi imayambira, poti ambirife timangogula nkhwangwa pamsika osadziwa kuti yadutsa m'zotani.

Akundiphunzitsa ndi bambo wina wachikulire amene ali ndi chipala chake ku Ndirande, chakuseri kwa msika, kumene phokoso la amisiri okhoma ndowa ndi mbaula silitha. Chipala ndi malo osulirapo zitsulo. Chawocho ndi kachisakasa ka malata akale. Pansi pali dzenje la makala, ndipo paipi yomatidwa ndi dothi la pachulu imalowetsa mphepo kunsi kwa moto. Mvukuto wawo si wa chikopa cha mbuzi uja wa makolo. Ndi gudumu la njinga lomangidwa lamba, ndipo ukalizunguza limayendetsa kafani kamene kamakankhira mphepo m'paipimo. Chosulirapo ndi chitsulo cholemera cha lole yakufa. Kupatula apo pali nyundo, tchizulo, tupa ndi mbaniro, chida chopanira chitsulo chamoto.

Ndinapita ndi misomali ya njanji. Malemu agogo anga ankagwira ntchito kunjanji ku Limbe, ndipo m'bokosi lawo la zida munatsala misomali ingapo yadzimbiri. Msomali woterewu ndi wamakona anayi, wotalika pafupifupi masentimita 15, ndipo mutu wake ndi wopendekera mbali imodzi kuti uzipana njanji pathabwa. Sitima inayamba kufika ku Blantyre mu 1908 kuchokera ku Port Herald, kumene lero timati ku Nsanje, ndipo mu 1935 njanji inakafika ku Salima. Zitsulo zakale za njanji zilipo zambiri m'dziko muno.

Amisiri aja atauona msomaliwo sanaugwire msanga. "Achimwene, mwaitenga kuti imeneyi?" Nditafotokoza ndi pamene anaulandira. Akuti chitsulo chozulidwa panjanji salandira, ngakhale munthu atawapatsa ulere. Ndikugwirizana nawo kwathunthu. Wozula msomali kapena bawuti panjanji yoyenda sitima ndi wakuba, ndipo akhoza kuphetsa anthu amene sanamulakwire.

Ndinafunsa ngati nkhwangwa ingatuluke. "Ituluka, koma yaing'ono. Vuto lake mudzaliona nokha."

Pakati pa Meyi

Nyundo sindinaigwirebe. Ntchito yanga ndi kuvukuta ndi kuyang'ana moto. Poyamba ndinkaona ngati akundichedwetsa, koma tsopano ndamvetsa kuti wosula amagwira ntchito ndi maso kuposa mkono.

Chitsulo chikamatentha chimasintha mtundu. Chimayamba kufiira moderako, kenako chimafiira kwambiri, kenako chimatenga mtundu wa lalanje, kenako chachikasu. Pa lalanje lowala ndi pamene chimafewa bwino, ndipo apo kutentha kwake kumakhala cha m'ma digiri 1,000. Chikabwerera pa kufiira koderako, siyani kumenya, chibwezereni pamoto. N'chifukwa chake chipala chimakhala pamthunzi. Padzuwa mitundu imeneyi sioneka, ndipo munthu amaganiza kuti chitsulo sichinapse pomwe chapsa kale.

Msomali wanga woyamba ndauwononga ndisanaumenye n'komwe. Ndinavukuta mwamphamvu, maso ali kwa kasitomala amene amakambirana mtengo wa khasu. Mwadzidzidzi m'makala munayamba kuthetheka tinyenyezi toyera. Amisiri anautulutsa msanga, koma nsonga yake inali itadyeka kale, yonyenyeka. Chitsulo chikathetheka choncho ndiye kuti chapsereratu, ndipo mbali imeneyo ndi yongodula n'kutaya. Ndinamva chisoni chifukwa unali wa agogo. Amisiri anangoti, "Moto suvukutidwa ndi mkono wokha, achimwene. Maso akhale pomwepo."

Kumapeto kwa Meyi

Ndayamba kumenya. Choyamba chimene andionetsa ndi maonekedwe a nkhwangwa yathu. Nkhwangwa za m'sitolo zili ndi bowo pachitsulo, ndipo mpini umalowa m'bowomo. Yathu ndi yosiyana: chitsulo ndicho chili ndi mchira wosongoka, ndipo mchirawo umalowa m'mutu wa mpini. Kwa wophunzira izi n'zopepuka, chifukwa palibe zoboola chitsulo. Msomali wa njanji uli kale ndi mbali yonenepa ndi mbali yoonda. Kumutu kumasanduka kodulira, kunsongako kumasanduka mchira.

Ntchito yake ili motere. Mumatenthetsa kumutu kokha. Mumauimika msomaliwo n'kumaukhoma kuchokera pamwamba kuti ufupike ndi kunenepa, kuti pakhale chitsulo chokwanira choti mutambasule. Kenako mumaugoneka n'kumamenya kuti uphwatalale, kuyambira pakati kupita m'mbali. Mukatha apo mumautembenuza, n'kusongola mchira pomenya mbali zonse zinayi mosinthanasinthana.

Polemba zikuoneka zophweka. Pochita, nyundo yanga imagwera pambali, ndipo paliponse pamene yagwera ndi m'mphepete mwake pamatsala chipsera. Mpini wa nyundo ndinkaufinya kwambiri mpaka m'manja munatuluka matuza. Amisiri anandigwira dzanja n'kulisuntha kufika kumapeto kwa mpini. Akuti nyundo izigwa ndi kulemera kwake, ine ndizingoikweza ndi kuilondolera. Kuyambira pamenepo phewa lasiya kuwawa.

Vuto lalikulu linali mlomo wa mutu wa msomali, mbali ija yopendekera yopanira njanji. Ndinaumenya mothamanga, ndipo m'malo molowa m'chitsulo chinzake unapindikira pamwamba n'kugona. Pooneka panali posalala, koma pansi pake panatsala mng'alu. Chitsulo chopindika chotero sichilumikizana, ndipo tsiku lina nkhwangwa imadzasweka pomwepo. Tinachita kupala ndi tupa mpaka mng'aluwo utatha. Njira yake ndi kuubweza mlomowo pang'onopang'ono chitsulo chili chotentha kwambiri, n'kumayang'ana nthawi zonse kuti sukupindika.

Dziwaninso ichi: chitsulo chikada sindiye kuti chazizira. Ndinatola kachidutswa kamene kanali pansi, ndipo chala changa chili ndi bala mpaka lero. Pachipala chilichonse chimatoledwa ndi mbaniro.

Juni

Chiperoni chafika, ndipo pafupi ndi moto pakukoma. Kankhwangwa kanga katenga maonekedwe. Mbali imodzi ndi yotambalala kuposa inzake, koma munthu akakaona sakufunsa kuti n'chiyani. Ndinasangalala kwambiri mayi wina wogulitsa nkhuni atakanyamula n'kufunsa mtengo wake.

Mpini tasema kuchokera ku nthambi ya gwafa, pamene pali mfundo. Mfundoyo ndiyo imakhala mutu wa mpini, chifukwa siing'aluka msanga komanso imawonjezera kulemera. Mumayamba mwaboola kabowo kakang'ono, kenako mumatenthetsa mchira wa nkhwangwa mpaka ufiire n'kuukankhira m'kabowomo. Utsi umatuluka wambiri. Mchirawo umadziwotchera njira yofanana ndendende ndi maonekedwe ake.

Mpini woyamba ndinauwotcha mopitirira. Ndinafuna kuti mchira ulowe wonse ukadali wamoto, bowo linakula, ndipo nkhwangwa inkangoguluka. Pa wachiwiri ndinautulutsa utatsala pang'ono kufika, ndinadikira kuti uzizire, kenako ndinamenyetsa mutu wa mpini pachipika mpaka unagwira. Chimene chandikondweretsa n'chakuti ukagulula chitsulocho n'kuchilowetsa chopingasa, nkhwangwa ija imasanduka kasemasema, chida chosemera mipini ndi mitondo. Makolo anaganiza bwino pamenepa.

Ntchito imeneyi kuno si yachilendo. David Livingstone atafika kumapiri a kuno mu 1859 anapeza Amang'anja akuyenga okha chitsulo m'ng'anjo n'kumasula makasu, nkhwangwa ndi mikondo. Ng'anjo ndi uvuni wadothi woyengeramo miyala ya chitsulo, ndipo zotsalira zake zikuonekabe m'nkhalango ya Kasungu ndi ku Nyika. Ng'anjozo zinazima kalekale. Wosula wa lero mgodi wake ndi magalimoto akufa.

Kumapeto kwa Juni

Lero linali tsiku loviika. Kuviika ndi kulimbitsa kodulira: mumatenthetsa chitsulo mpaka chifiire bwino, n'kuchiziziritsa mwadzidzidzi. Amisiri amangoona ndi maso, koma kwa ine anatulutsa maginito ochokera m'sipika ya wailesi. Chitsulo chikafika pa madigiri pafupifupi 770 chimasiya kukokedwa ndi maginito. Mukaona choncho, mumawonjezera moto pang'ono chabe, n'kuviika.

Ndinaviika m'madzi, madziwo anachita phokoso, mtima wanga unali m'mwamba. Kenako amisiri anandipatsa tupa kuti ndipale pakodulira. Chitsulo chinadyeka mosavuta. Ananditengera nkhwangwa yawo ya sipuling'i ya galimoto kuti ndipalenso. Pamenepo panangoterereka, osadyeka ngakhale pang'ono.

Ili ndilo vuto lija ankanena. Chimene chimalimbitsa chitsulo poviika ndi kaboni, chinthu chomwecho chimene chimapanga makala, ndipo kaboniyo amakhala pang'ono chabe m'kati mwa chitsulo. Msomali wa njanji uli ndi kaboni wochepa. Ngakhale misomali imene imatchedwa yolimba imangofika cha m'ma 0.3 peresenti. Anaipanga dala choncho kuti izipindika osathyoka sitima ikamadutsa. Masipuling'i a galimoto amakhala ndi pafupifupi 0.6 peresenti, n'chifukwa chake osula a m'misika yathu amawafunafuna popanga nkhwangwa, makasu ndi zikwanje.

Ndinakayesa kankhwangwa kanga kunyumba. Nkhuni za bulugamu zowazawaza kakudula bwino. Nditakamenya pamfundo youma, kodulira kanapindika, ndipo ndinachita kukanolanso. Ndikhala ndikukanola kawirikawiri.

Julaye

Tsopano ndili pa sipuling'i. Tinadula chidutswa ndi tchizulo chili chamoto, ine ndikumenya ndi nyundo yaikulu, iwo atagwira. Chitsulo chimenechi n'chouma mutu. Chimafuna moto wokwanira ndipo chimafulumira kukana nyundo. Ukachimenya chitayamba kuda chimang'aluka.

Nkhwangwa yoyamba ya sipuling'i inasweka poviika. Ndinaiponya m'madzi ozizira monga ndinachitira ndi msomali uja, ndipo ndinamva kaphokoso kakang'ono, "thi!" Mng'alu unayambira pakodulira kukafika pakati. Chitsulo cha kaboni wambiri sichipirira kuzizira kwa madzi kwadzidzidzi, makamaka m'manja mwa wophunzira. Chimafuna oyilo, amene amaziziritsa modekha. Pano amagwiritsa ntchito oyilo wakuda wochotsedwa mu injini. Amayaka ndipo utsi wake ndi woipa, choncho nkhope izikhala kutali, ndipo pafupi pazikhala lata lovundikirira chitini.

Ndinaphunziranso kuti kuviika kokha sikukwanira. Chitsulo chongoviikidwa chimauma kwambiri moti chimabenthuka ngati mbale yadothi. Pamafunika kuchibweza pang'ono. Amisiri amaviika kodulira kokha, n'kusiya kumbuyo kukadali kotentha. Amapala msangamsanga ndi mwala kuti pawale, ndiye amayang'ana. Kutentha kochokera kumbuyo kumatsikira kukodulira, ndipo pachitsulo pamayenda mitundu: woyamba wa udzu wouma, wotsatira wofiirira, kenako pepo, pomaliza buluu. Wa udzu wouma umaoneka cha m'ma digiri 230, buluu cha m'ma 300. Pa nkhwangwa, wofiirira ukangofika pakodulira n'kuyamba kulowa ku pepo, mumaiviika yonse. Mukadikira mpaka buluu adutse, yafewanso.

Mitunduyi imathamanga. Pa nkhwangwa ina ya sipuling'i, ulendo woyamba ndinaiona itadutsa kale, ndipo tinayambiranso. Ulendo wotsatira ndinaipeza. Nditanola, nkhwangwayo inadula mfundo ija inapinda kankhwangwa ka msomali, ndipo kodulira kanatsala bwinobwino. Amisiri anaiyendetsa chala m'mbali, anaitembenuza, n'kunena kuti, "Iyi mukhoza kupita nayo kumudzi." Kuchokera pamene ndinayamba, mawu amenewa ndiwo andisangalatsa koposa.

Pali chinthu chimene chikundivutitsa maganizo. Ndikatuluka pachipala ndimaona phiri la Ndirande lili mbee, mitengo inatha. Makala amene tikuwotcha amachokera kutali, kunjira ya ku Zalewa, ku Neno ndi ku Mwanza, ndipo lamulo la zankhalango limene linakhwimitsidwa mu 2020 limaletsa kuwotcha ndi kugulitsa makala opanda chilolezo. Nkhwangwa imene ndikusulayi ikhozanso kukagwetsa mtengo wina. Amisiri amagula zinyenyeswa za makala zotsala pansi pa matumba, zimene amayi sazifuna pambaula, ndipo moto wawo ndi waung'ono, wongokwanira chitsulo chimene chili pamenepo. Akangochotsa chitsulo amasiya kuvukuta. Ndatengera khalidwe limeneli, ndipo ndikuona kuti wophunzira aliyense ayenera kuliyamba tsiku loyamba, chifukwa ife ophunzira ndi amene timawononga makala ambiri.

Ogasiti

Misomali ya agogo yotsala ndasulira tinkhwangwa tiwiri towazira nkhuni ndi kasemasema mmodzi. Pophunzirira dzanja, msomali wa njanji ndi wabwino: ndi wofewa, sung'aluka msanga, ndipo ukalakwitsa umalola kuukonza. Koma nkhwangwa yogwirira ntchito chaka chonse ikhale ya sipuling'i.

Ngati mukufuna kuyamba, musavutike kufunafuna zitsulo za njanji. Chitsulo chomangira nyumba chotsala kapena bawuti yaikulu ya kwa ogulitsa zitsulo zakale zikukwanirani kuphunzirira kumenya. Osula alipo ku Ndirande, ku Bangwe, ku Limbe ndi m'misika ina. Pitani mukapemphe mwaulemu, mukagule makala anu, ndipo muvomere kuyambira pa kuvukuta. Valani nsapato zotseka, magalasi oteteza maso ndi zovala za thonje, chifukwa nayiloni ikagwidwa ndi moto imasungunukira pakhungu. Pitani mwezi uno, chifukwa kuyambira Seputembala amisiri amatanganidwa ndi makasu a anthu okonza minda ndipo sakhala ndi mpata wophunzitsa.