Khoma la Zidina Likana Simenti

Alimi anzanga, ntchito yanga ndi ya m'munda, koma lero mundilole ndinene za nyumba, pakuti inandichititsa manyazi.

Nditamanga nyumba yanga ya zidina, ndinaimata ndi simenti kunja konse, kuti odutsa adziwe kuti muno mukhala mlangizi. Bambo anati, "Mwana wanga, dothi ndi simenti sizimvana." Ine ndinangoseka. Atapita madzinja awiri, khoma linayamba kulira ngati ng'oma polimenya, ndipo simenti inagwa zibenthuzibenthu. M'kati zidina zinali zofewa ngati phala. Chinyezi chokwera kuchokera pansi chinasowa potulukira.

Tsono ndinakonza khomalo ndi matope a dothi la pachulu losanganiza ndi mchenga, chifukwa dothi lokha limang'aluka likauma. Pamwamba ndinamata njereza, yonga imene amaotcha ku Balaka: ndowa imodzi ya njereza, ndowa zitatu za mchenga wa kumtsinje. Njereza ilola khoma kupuma, chinyezi nichituluka. Koma ifuna munthu wodekha. Ilimba pang'onopang'ono, ndipo masiku oyamba muyenera kuiwaza madzi ndi kuitchinga ku dzuwa. Chenjerani nayo, imaotcha manja ndi maso.

Musayese kuti njereza ichinjiriza zonse. Mvula ya namondwe Freddy mu 2023 inagwetsa nyumba zambiri kum'mwera, ndipo madzi akaima pansi pa khoma la zidina amalidya kunsi. Chifukwa chake chaka chino njinga iyambe yadikira: ndikweza khonde langa ndi miyala, ndi kutalikitsa denga.