Chimanga cha M'kompyuta

Kuno ku Kasinje abale sankaimvetsa ntchito yanga. Ndikabwera kutchuthi kuchokera ku Lilongwe, amalume ankafunsa kuti, "Mphwanga, akuti umalima chimanga m'makina?" Sanali kutali ndi zoona. Tinkalemba mapulogalamu oyerekezera kakulidwe ka mbewu: ukalowetsa mvula ya tsiku ndi tsiku, kutentha, mtundu wa dothi ndi tsiku lobzala, kompyuta inkawerengetsera zokolola.

Mapulogalamu ambiri otere ankalembedwa m'chinenero cha FORTRAN, monga CERES-Maize ya ku America yomwe buku lake linatuluka mu 1986. FORTRAN sinkanyengerera munthu. Lamulo linkayambira pa malo a 7 mumzere, ndipo chilembo chopyola malo a 72 makina ankangochitaya osakuuza. Polembera panali pena, poyendetsera pena. Zikakanika unkasindikiza zonse papepala lalitali lija la mabowo m'mbali, n'kuyamba kusakasaka ndi rula ndi pensulo. Tsiku linkatha chifukwa cha O wolembedwa m'malo mwa ziro.

Chinatipepuza ndi Turbo Pascal ya kampani ya Borland. Kuyambira mu 1983 inaika polembera ndi poyendetsera pamodzi, moti ukalakwitsa kalembedwe inkakutengera pamzere weniweniwo. Koma chimene ndinachikonda kwambiri chinadza mu 1988, pomwe anaonjezamo njira yoimitsira pulogalamu ili mkati moyenda.

Achinyamata a lero sangaone chodabwitsa apa, choncho ndifotokoze. Pulogalamu yoyerekezera ikalakwika, kawirikawiri siimaima. Imayenda bwinobwino mpaka kumapeto, n'kukupatsa matumba a chimanga amene mlimi aliyense wa m'chigwa cha Bwanje angawakane pomwepo. Vuto labisala penapake pakati pa kubzala ndi kukolola, ndipo papepala sungalione. Tsono tinkaimitsa nyengoyo pa tsiku lomwe tafuna, n'kumadina batani la F7, mzere umodziumodzi, maso ali pa nambala ya madzi otsala m'dothi. Tsiku lina tinaona dothi lamchenga likusunga madzi ngati dambo. Tinabwerera m'mbuyo mizere ingapo n'kupeza kuti mvula yoyezedwa m'mainchesi inasinthidwa kawiri kupita m'mamilimita. Tinakonza pomwepo, osatseka kanthu, n'kuyendetsanso.

Ichi n'chimene chinatipatsa mpata wofunsa mafunso a alimi eniake. Chilala cha 1992 chitadutsa, tinalowetsa mvula ya chaka chimenecho n'kumatsatira madzi akuchepa tsiku ndi tsiku, mpaka anatheratu chimanga chikutulutsa ngaiyaye. Kenako tinkasintha mzere umodzi wokha: nanga akanabzala ndi mvula yoyamba? Nanga ikanakhala mbewu yocha msanga ngati MH18? Yankho linkabwera tisanadzuke pampando, ndipo ena mwa mayankhowo ndinabwera nawo kuno, n'kukambirana ndi amalume tisanagule mbewu ya chaka chotsatira.