Kabokosi Kosakaniza Mawu

Kwathu ku Angónia, pafupi ndi Ulongwe, tili ndi gulu la oyimba anayi. Ine ndimaliza gitala. Mlongo wanga amayimba. Mnzathu wina amaomba ng'oma. Wacinayi ndi amalume anga, amene amaliza bangwe.

Kodi munaliona bangwe? Ndi thabwa lokhala ndi zingwe za waya. Kunsonga kwake amaikako citini kuti mawu akule pang'ono. Ngakhale zili conco, mawu a bangwe ndi apansi. M'nyumba amamveka bwino. Koma pabwalo, ng'oma ikalira, bangwe limamira.

Pa 25 Juni 2023, tsiku lokumbukira ufulu wa dziko lathu, tinayimba pabwalo la sukulu. Titamaliza, amalume anandiitana.

"Mphwanga, anthu angoona zala zanga, koma sanandimve. Ndivutikirenji? Bangwe ili ndikalipacika kudenga."

Mawuwa anandiwawa. M'mudzi mwathu mulibe wina wodziwa bangwe. Amalume akasiya, nyimbo zawo zitha.

Tinali kale ndi maikolofoni awiri, koma sipika yathu ili ndi khomo limodzi lokha la maikolofoni. Tinafunika mikisa. M'Cipwitikizi amati misturador. Ndi kabokosi kamene kamalandira mawu ocokera ku zoyimbira zingapo. Mawu aliwonse amalowa pa khomo lake, ndipo khomo lililonse lili ndi mabatani ake. Ukapotokola batani, mawu a pa khomolo amakwera kapena kutsika. Kenaka kabokosi kamawasakaniza ndi kuwatumiza ku sipika.

Mutu umodzi susenza denga. Titakumba mbatatesi, aliyense anapereka matumba awiri. Ndalama imeneyi ikadagula feteleza. Amayi anandikumbutsa zimenezi kawiri, ndipo sanali kunama. Conco ndinakwera xapa ndi mtima wolemera. Tinadutsa Moatize, tinawoloka Zambezi pa mlatho wa Samora Machel, ndi kufika mumzinda wa Tete.

M'sitolo munali mamikisa ambiri, ena a Yamaha, ena a Behringer. Wogulitsa anandionetsa yaikulu ya makomo 16.

"Acimwene, tengani iyi. Oyimba enieni amagula iyi."

Inali yokongola ndithu. Koma ine ndinabwera ndi mafunso atatu olembedwa papepala.

Funso loyamba: tikufuna makomo angati? Ndinawerenga pa zala. Limodzi la mlongo wanga. Limodzi la bangwe. Limodzi la gitala, imene ili ndi kacipangizo kake kotolera mawu. Ng'oma safuna thandizo. Ndiye kuti makomo atatu akwanira, awiri mwa iwo akhale a maikolofoni. Khomo la maikolofoni ndi lozungulira, lili ndi timabowo titatu, ndipo limachedwa XLR. La gitala lili ndi bowo limodzi.

Funso laciwiri: kodi imadya moto wanji? Mamikisa ambiri amafuna magetsi a m'nyumba, a mphamvu ya 220V. Damu la Cahora Bassa, limene linatsekereza madzi a Zambezi mu 1974, lili m'cigawo cathu comwe cino ca Tete. Koma mawaya sanafike m'mudzi mwathu. Tsono ndinafuna mikisa yoyendera mabatire, amene ena amati mapilya.

Funso lacitatu: kodi idzagwirizana ndi sipika yathu? Mikisa yaing'ono sikuza mawu payokha. Imafuna sipika yokhala ndi cokuzira mawu m'kati mwake. Yathu ndi yotero, ndipo timaidzaza moto ndi sola. Ndinagulanso cingwe columikizira ziwirizi.

Ndisanalipire, ndinapempha kuyesa. Ndinalumikiza maikolofoni pa khomo lililonse ndi kuwerenga: "Modzi, wiri, tatu." Ndinapotokola mabatani onse, kumvetsera ngati pali phokoso. Wogulitsa anatopa nane, koma anandiphunzitsa zinthu ziwiri. Kanyali kofiira kakayaka, ndiye kuti mawu alowa mopitirira ndipo ayamba kusweka. Pamenepo tsitsa batani la pamwamba. Anandionetsanso batani la moto wodyetsa maikolofoni a mtundu wina, ochedwa kondensa. Athu safuna moto umenewu, conco batanilo timalisiya lozima kuti mabatire akhalitse.

Mikisa imene ndinagula ndi yaing'ono ngati buku. Inalowa m'cikwama canga ca kumsana.

Kunyumba tinaiyesa pakhonde. Mlongo wanga ataima kutsogolo kwa sipika, panamveka likhweru loboola m'makutu, mpaka nkhuku zinathawa. Likhweruli limabwera motere: mawu amatuluka mu sipika, amalowanso m'maikolofoni, amatulukanso atakula, ndipo amangozungulira. Mankhwala ake ndi apafupi. Oyimba aime kumbuyo kwa sipika, ndipo maikolofoni isayang'ane sipika.

Mwezi wotsatira tinayimba pa ukwati. Ndinaika maikolofoni pakamwa pa citini ca bangwe. Ndinatsitsa gitala yanga, ndi kukweza khomo la amalume. Atayamba kuliza, amayi amene anali kuphika kuseri anasiya miphika nadzaima pafupi. Agogo ena anayamba kuvomera nyimbo imene anaimva komaliza ali atsikana.

Caka cimeneco feteleza anaticepera, ndipo mbatatesi sizinabereke ngati kale. Amayi amanenabe za matumba aja. Koma Loweruka lililonse masana, ana awiri a Kalasi 4 amabwera pakhonde pa amalume. Mmodzi wapanga kale bangwe lake ndi thabwa, waya wa njinga ndi citini ca mafuta.

Mafunso

1. Cifukwa ciani bangwe silinali kumveka pabwalo?
2. Chulani mafunso atatu amene wolemba anapita nawo ku Tete.
3. Kodi likhweru la mu sipika limabwera bwanji?
4. Funsani akuluakulu a kwanu za zoyimbira zakale. Lembani mayina ake.