Ma identity ndi cenji cabe

Ambiri a ife tinaloweza sin²x + cos²x = 1 monga nyimbo ya pa asembule. Tinali kuiimba bwino, koma pepala la mayeso likafika, sitinali kudziwa poiika. Ena anathawa Additional Maths cifukwa ca mizere imeneyi, ndipo pamodzi ndi masamuwo anataya maloto a uinjiniya.

Taganizani za K100. Mukaisintha kukhala ma K50 awiri, ndalama siinaculuke, siinacepe. Yangokhala m'maonekedwe amene kondakitala angalandire popanda kukalipa. Identity imacita zomwezo. Equation wamba imakhala yoona pa manambala ena cabe, ndipo nchito yathu ndi kuwasaka. Identity ndi yoona pa x aliyense, ndiye tingacotse mbali imodzi n'kuikapo inzake osaononga kanthu.

Tiyeni tione 2sin²x + 3cos x − 3 = 0. Vuto apa n'lakuti muli alendo awiri, sine ndi cosine, ndipo sitingawagwire onse nthawi imodzi. Manje pamalo pa sin²x tilembe 1 − cos²x. Sine wapita. Tikasonkhanitsa zotsala tipeza 2cos²x − 3cos x + 1 = 0, quadratic yomwe ija tinazolowera kale. Cos x ndi 1 kapena ½, ndiye pakati pa 0° ndi 360° mayankho ndi 0°, 60°, 300° ndi 360°. Basi, yatha.

Ife a pa wailesi tili ndi identity yathu imene timaikonda, ngakhale anzathu ambiri mu situdiyo sadziwa kuti amadyera pomwepo: cos A cos B = ½[cos(A − B) + cos(A + B)]. Ikunena kuti mukaculukitsa mafunde awiri, mumatuluka ena awiri, lina pa kuphatikiza kwa ma frequency ao, lina pa kusiyana kwao. Tinene kuti siteshoni ili pa 100 MHz. Wailesi ya FM ya masiku onse imapanga funde lakelake mkati, pa 110.7 MHz, n'kuwasakaniza. Kusiyana kwake ndi 10.7 MHz. Mukapotokola batani kupita ku siteshoni ina, funde la mkati limasuntha nalo, kusiyana n'kukhalabe 10.7 MHz, motero zipangizo zonse zotsatira zimakonzedwera nambala imodzi yokha. Edwin Armstrong ndiye anakonza njira imeneyi mu 1918.

Mzere womwewo unali kugwira nchito kale kwambiri wailesi isanabwere. M'zaka za m'ma 1580, akatswiri a nyenyezi amene anali ndi Tycho Brahe ku Denmark anali kutopa ndi kuculukitsa manambala aataliatali pamanja. Anali kuyang'ana manambalawo m'matebulo a cosine, kuphatikiza ndi kucotsera ma angle, kenaka kutenga theka. Ma logarithm a John Napier anafika mu 1614, koma mpaka nthawi imeneyo kalikuleta yao inali identity imene ife tinali kuikopera pa bolodi tikuyasamula, masana dzuwa lili pamutu.